Shuga Amene Mwathira mu Mowa Amapita Kuti?

Pakati pa anthu ofulula mowa pakhomo pali mawu amene amamveka kawirikawiri: wapsa bwino uwu, shuga yense watha, munthu sanganenepe nawo. Amatero mayi wofulula masese kumudzi. Amateronso mnyamata wa m'tauni amene wagula ndowa ya pulasitiki, yisiti ya m'paketi ndi juwisi wa maapozi n'kuyamba kudzipangira cider kukhitchini. Mawuwa ali ndi choonadi, koma theka lokha. Shuga akhozadi kutheratu mpaka lilime osamumvanso. Chimene sichitha ndi mphamvu imene shugayo ananyamula, ija timaiwerenga m'makalori.

Apa pali mafunso awiri amene anthu amawaphatikiza ngati limodzi. Loyamba ndi lakuti mu chakumwachi mwatsala shuga wochuluka bwanji. Lachiwiri ndi lakuti muli makalori angati. Munthu wa matenda a shuga amafunika mayankho onse awiri, pomwe amene akudandaula ndi mimba yomwe ikukula chaka ndi chaka amafunika kwambiri lachiwirilo. Ndipo chakumwa chikhoza kukhala chopanda shuga n'komwe koma chodzaza ndi makalori.

Tiyambe ndi yisiti, poti ndiyo mwini ntchito. Yisiti ndi kanthu kamoyo ka m'gulu la bowa, kakang'ono kosaoneka ndi maso. Ikapezeka m'madzi a shuga momwe mpweya wabwino ndi wochepa, imaphwanya shugayo n'kutulutsa zinthu ziwiri: alcohol, amene amaledzeretsa, ndi mpweya wa carbon dioxide, uja umabwera ngati thovu mowa ukamawira. Masamu ake ngodziwika bwino. Magalamu 180 a shuga wa mtundu wa glucose amapereka magalamu 92 a alcohol ndi magalamu 88 a mpweyawo. Ndiye kuti pafupifupi theka la kulemera kwa shuga limauluka n'kupita.

Munthu akamva choncho amaganiza kuti theka la makalori laulukanso. Ayi ndithu. Mpweya uja ulibe kalori ngakhale imodzi. Ndi chotsalira chabe. Galamu imodzi ya shuga ili ndi makalori pafupifupi 4, pomwe galamu imodzi ya alcohol ili ndi makalori 7, kuyandikira mafuta ophikira amene ali ndi 9. Choncho magalamu 100 a shuga, omwe ndi makalori pafupifupi 400, amasanduka magalamu 48 mpaka 50 a alcohol, omwe ndi makalori 340 kapena 350. Pang'ono potsalapo yisiti yadya kuti iswane, kwinako kwatuluka ngati kutentha, n'chifukwa chake mbiya ya mowa wowira imamveka yofunda mukaigwira. Pa makalori 10 aliwonse amene munathira, 8 kapena 9 akadali momwemo. Angovula kutsekemera.

Pali kawerengedwe kamodzi kosavuta kamene ndimalakalaka wofulula aliyense atakasunga pamtima. Alcohol ndi wopepuka kuposa madzi: mililita imodzi imalemera magalamu 0.789. Mowa wa 1 peresenti uli ndi mamililita 10 a alcohol pa lita, omwe ndi magalamu pafupifupi 7.9, omwe ndi makalori 55. Basi. Peresenti iliyonse ya ukali pa lita imodzi ndi makalori 55. Lita ya mowa wa 4 peresenti ili ndi makalori 220 ochokera ku alcohol yekha, ya 6 peresenti ili ndi 330, ya 12 peresenti ili ndi 660, tisanawerenge n'komwe shuga kapena ufa wotsalamo. Munthu wamkulu amafunika makalori pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa tsiku, malinga ndi thupi lake ndi ntchito imene amagwira. Mukaona pa botolo la ku South Africa palembedwa kJ, gawani nambalayo ndi 4.2 kuti mupeze makalori.

Mowa wa tirigu, mapira ndi chimanga

Mbewu zimene timafululira mowa zilibe shuga wambiri. Zili ndi sitachi, ndipo yisiti siingadye sitachi. Sitachi ndi timashuga ta glucose tambirimbiri tolumikizana m'mizere yaitali, ina ya nthambi. Pafunika china chake choti chidule mizereyo, ndipo chinthucho ndi chimera.

Aliyense amene anaonererapo thobwa likuphikidwa anaona sayansi imeneyi ndi maso ake. Phala la mgaiwa laphikidwa, lalimba moti mthiko ukuyenda movutikira. Amaliphula, n'kulisiya lizizireko. Mayi amapisamo chala, kapena kudonthezera pang'ono padzanja, ndipo akaona kuti lafunda bwino koma silikuwotcha amathira ufa wa chimera cha mawere kapena cha mapira n'kutakasa. Pasanapite nthawi yaitali phala lolimba lija limalefuka, mthiko n'kumayenda mofewa, ndipo mukalawa mumamva kuzuna pomwe simunathiremo shuga. Mbewu ikamamera imapanga zinthu zodula sitachi, ma enzyme otchedwa amylase, kuti isungunule chakudya chake idyetse mphukira. Ife timaiyanika isanamalize, n'kubwereka ma enzyme amenewo kuti atisungunulire phala lathu. Chala cha mayi chija chikuteteza ma enzyme: phala likakhala lotentha kwambiri amafa, thobwa n'kukanika.

Ma amylase alipo amitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusiyana kwawo ndiko kumalamula shuga wotsala mu mowa. Beta-amylase amadula kuchokera kunsonga, timashuga tiwiritiwiri, n'kupanga maltose amene yisiti imadya mosavuta. Amagwira bwino pa kutentha kwa madigiri 60 mpaka 65, ndipo kukatentha kuposa apo safika patali. Alpha-amylase amadula paliponse pakati pa mzere, amapirira mpaka madigiri 70 ndi kupitirirako pang'ono, ndipo amasiya zidutswa zazitali ndithu zotchedwa dextrin. Zidutswa zimenezi yisiti wamba siitha kuzidya. Zimatsala mu mowa mpaka mu kapu yanu.

N'chifukwa chake ofulula mowa wa balere ku Ulaya ndi ku America amasamala kwambiri za kutentha poviika chimera. Wofuna mowa wopepuka pakamwa amaviika pa madigiri 63 kapena 64, kuti maltose achuluke, yisiti idye kwambiri, alcohol akwere. Wofuna mowa wokhuthala amaviika pa 68 kapena 69, ma dextrin n'kuchuluka. Makalori a mowa uwiriwo sasiyana kwenikweni ngati chimera chinali chofanana muyeso. Woyambayo wawasunga mu alcohol, wachiwiriyo wasiyako ena mu dextrin. Chimera cha mapira chili ndi beta-amylase wochepa poyerekeza ndi cha balere, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mowa wathu umakhalira ndi zotsalira zambiri zosadyedwa ndi yisiti.

Ma dextrin satsekemera kwenikweni, ndipo pa botolo sawerengedwa ngati shuga. Koma thupi lathu lili ndi amylase wakewake, m'malovu ndi wochokera ku kapamba, ndipo limawaphwanya kukhala glucose monga momwe limachitira ndi nsima. Munthu wa matenda a shuga akamva kuti mowa wakuti ulibe shuga, asaganize kuti magazi ake sadzaumva.

Chida chimene chimathetsa zongoganizira ndi hydrometer, kagalasi kotalika kokhala ndi nambala kamene kamayandama m'madzi. Mu madzi wamba kamamira mpaka pa 1.000. Madzi akakhala ndi shuga amalemera, kagalasiko n'kuyandama pamwamba. Muyeso wa shuga mu mowa wosawira anauyala bwino ndi Karl Balling wa ku Prague mu 1843, ndipo mafakitale akugwiritsabe ntchito masamu ochokera kwa iye. Wofulula pakhomo amayeza kawiri, asanathire yisiti ndiponso kuwira kukatha. Tinene kuti poyamba panali 1.050, pomaliza 1.010. Chotsani, mupeza 0.040, chulukitsani ndi 131, mupeza ukali wa pafupifupi 5.2 peresenti. Makalori a alcohol ndiye pafupifupi 290 pa lita.

Msampha uli pa nambala yomalizayo. Mu madzi a shuga wamba, 1.010 imatanthauza magalamu pafupifupi 26 pa lita. Koma mu mowa muli alcohol, amene ndi wopepuka, ndipo amakokera nambala pansi. Zotsalira zenizeni mu chitsanzo chathuchi zimafika magalamu 40 ndi kupitirira, zambiri zikhala ma dextrin, pang'ono mapuloteni, shuga weniweni magalamu ochepa chabe. Amenewo ndi makalori enanso pafupifupi 170. Kuphatikiza zonse, lita ili ndi makalori 460 kapena kuyandikira apo, botolo la theka la lita 230, laling'ono la mamililita 330 pafupifupi 150. Mowa wopangira pakhomo susiyana ndi wa m'sitolo pa nkhani imeneyi ngati ukali uli wofanana. Kawirikawiri umaposa, chifukwa wofulula pakhomo amakonda kuwonjezera chimera kapena shuga kuti ukhale waukali, ndipo saudulira ndi madzi pomaliza monga amachitira mafakitale ambiri.

Masese ndi nkhani ina

Mowa wa masese hydrometer siingauyeze bwino, chifukwa muli ufa woyandama umene umasokoneza kagalasiko. Komanso ndi mowa umene timamwa ukadali wamoyo. Mowa wa m'botolo unafululidwa ndi mtundu umodzi wa yisiti wosankhidwa, luso limene Emil Christian Hansen anayambitsa ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen mu 1883, kampani yomweyo imene inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968. Umasefedwa, umatenthetsedwa kuti tamoyo tonse tife, ndipo botolo la lero ndi la mwezi wamawa n'zofanana. Mu mbiya ya masese muli khamu: yisiti zamitundumitundu zochokera ku chimera, ku mbiya yakale ndi mumpweya, pamodzi ndi mabakiteriya amene amasandutsa shuga kukhala asidi wowawasa, yemwe uja amapezeka mu chambiko. Onsewa akudya nthawi imodzi, ma enzyme a chimera nawo akupitiriza kudula sitachi n'kupereka shuga watsopano.

Ndiye funso lakuti masese ali ndi shuga wochuluka bwanji lilibe yankho limodzi. Zimatengera tsiku. Tsiku loyamba ndi wozuna, wofatsa, shuga ali pamwamba, alcohol ali pansi. Pofika lachitatu kapena lachinayi kuzuna kwachepa, kuwawasa kwakula, ukali wafika pa 3 kapena 4 peresenti. Okonda Chibuku amadziwa zimenezi bwino, n'chifukwa chake ena amafunsa wa dzulo, ena wa dzana. Makalori sasintha kwambiri m'masiku amenewa. Amayamba kutsika mooneka mowa ukafika posanduka viniga, pamene palibenso amene angaumwe.

Njira yabwino yoyerekezera makalori a masese ndi kuwerenga zimene zalowa mu mgolo. Ufa wa chimanga, wa mapira kapena wa mawere uli ndi makalori pafupifupi 3,600 pa kilogalamu, shuga pafupifupi 3,900. Tingoyerekeza, osati monga kafululidwe koyenera kutsatira: ufa makilogalamu 2, chimera kilogalamu imodzi, shuga theka la paketi ya kilogalamu, mowa wotuluka malita 20. Zonse pamodzi ndi makalori pafupifupi 12,750, kapena 640 pa lita. Pamenepo chotsanipo zotsalira pa sefa zimene zimapita ku nkhumba ndi nkhuku, ndi pang'ono potayika powira. Ngakhale mutachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi, mwatsala ndi makalori pafupifupi 480 pa lita. Ukali ndi wochepa poyerekeza ndi mowa wa m'botolo, koma ufa umakwaniritsa potsalapo. Ndipo masese samwedwa m'kabotolo ka mamililita 330. Chipanda chikamazungulira kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, malita atatu pa munthu mmodzi si chinthu chodabwitsa, ndipo amenewo ndi makalori oposa theka la zofunika pa tsiku.

Apa ndiyenera kunena mwachilungamo: akuluakulu akamati masese ndi chakudya sakunama. Muli sitachi, mapuloteni pang'ono, ndi mavitamini a gulu la B ochokera ku yisiti ndi ku chimera, zimene mowa wosefedwa uli nazo zochepa. Kwa anthu amene alima dima kuyambira mbandakucha, mphamvu imeneyo inali ndi kopita. Vuto limabwera pamene kamwedwe katsala komweko koma khasu lasanduka mpando wa mu ofesi kapena wa minibasi.

Thobwa nalo tisalisiye kunja chifukwa choti sililedzeretsa. Ndilo lili ndi shuga wambiri pa zonsezi, chifukwa chimera chagwira ntchito yake koma yisiti sinapatsidwe mpata. Ambiri ogulitsa m'mabotolo amawonjezeranso shuga wa m'paketi. Ndi chakumwa chabwino kwa mwana, kwa mayi woyamwitsa, kwa munthu wochokera kumunda. Kwa wodwala shuga, botolo la thobwa liyenera kuwerengedwa ngati chakudya, osati ngati madzi ophera ludzu.

Cider

Cider ndi chakumwa cha kumene maapozi amabereka mochuluka: Somerset ndi Herefordshire ku England, Normandy ndi Brittany ku France, Asturias ku Spain. Kuno ambiri tinamudziwira m'mabotolo ochokera ku South Africa monga Savanna ndi Hunter's, ndipo amene amayesa kupanga okha nthawi zambiri amayambira pa juwisi wa m'katoni. Chimene chimawadabwitsa pafupifupi onse ndi kakomedwe ka chimene chatuluka: chowawasa, chouma pakamwa, chosafanana n'komwe ndi cha m'sitolo. Amaganiza kuti chawonongeka. Sichinawonongeke. Cider weniweni amakhala wotero yisiti ikasiyidwa kuti imalize.

Chifukwa chake n'chakuti juwisi wa maapozi alibe sitachi yoti n'kudulidwa. Shuga wake ndi wokonzeka kale: wambiri ndi fructose, kenaka sucrose ndi glucose, onse odyeka ndi yisiti. Lita imodzi imakhala ndi magalamu 100 mpaka 120, muyeso wofanana ndi wa Coca-Cola amene ali ndi magalamu pafupifupi 106 pa lita. Hydrometer imayambira cha pa 1.045 kapena 1.050 n'kutsika mpaka 1.000, nthawi zina kupitirira pansi pake, cha pa 0.998, chifukwa cha kupepuka kwa alcohol kuja. Chotsala ndi asidi wa maapozi wotchedwa malic, ndi sorbitol pang'ono, chinthu chozuna chimene yisiti siidya. Chipatso cha pear cha kumaiko ozizira, osati mapeyala athu amafuta aja, chili ndi sorbitol wambiri, n'chifukwa chake chakumwa chake chimatsalako kuzuna ngakhale chitawira mpaka kumapeto.

Ndiye pa nkhani ya shuga, cider wouma wopangira pakhomo ali pansi kwambiri, magalamu ochepa chabe pa lita, ndipo alibe ma dextrin a mowa wa chimera. Pa nkhani ya makalori, wafika pa ukali wa 6 kapena 6.5 peresenti, omwe ndi makalori 330 mpaka 360 pa lita, ndi ena ochepa a asidi ndi sorbitol. Juwisi amene munayamba naye anali ndi pafupifupi 450. Mwatayapo pang'ono chabe.

Ambiri sakhutira ndi ukali umenewo, amathiramo shuga. Magalamu pafupifupi 17 pa lita amakweza ukali ndi 1 peresenti. Paketi ya kilogalamu imodzi mu chigubu cha malita 20 ndi magalamu 50 pa lita, ndiye ukali wakwera ndi 3 peresenti, makalori akwera ndi 165 pa lita, koma lilime silimva kutsekemera kulikonse. Wothirayo amalawa n'kunena kuti shuga wapita. Wapitadi, koma ku alcohol.

Nanga cider wotsekemera wa m'sitolo amatheka bwanji? Fakitale imalola yisiti kumaliza, kenaka imaichotsa ndi sefa yabwino kwambiri kapena kuipha ndi kutentha, n'kuthiramo shuga kapena juwisi pomaliza. Shuga ameneyo amafika m'mimba mwanu ali shuga ndithu, pamwamba pa alcohol. Mawu akuti Dry pa botolo satanthauza kuti mulibe shuga. Nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndi wochepa poyerekeza ndi anzake. Komanso asidi, kuzizira ndi mpweya zimabisa kutsekemera. Siyani cider wa m'sitolo pathebulo afunde, mpweya uthe, ndiye mulawe: mudzamva shuga amene simunamumve ali wozizira. Bungwe la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire 10 peresenti ya makalori a tsiku, omwe ndi magalamu pafupifupi 50 kapena masupuni ang'onoang'ono 12 kwa munthu wamkulu, ndipo n'kwabwino kwambiri kukhala pa theka la muyeso umenewo. Cider wotsekemera wa magalamu 60 pa lita, mabotolo atatu a mamililita 330 akupitirizani kale malirewo.

Alimi a ku Normandy ali ndi njira yawo yakale yosungira kutsekemera popanda kuthira shuga. Amachititsa kuti zinthu zina za mu juwisi ziundane n'kuyandama pamwamba, zitatenga zakudya zimene yisiti imafuna, kenaka amakoka juwisi woyera wapansi n'kumuwiritsa pang'onopang'ono pamalo ozizira. Yisiti yanjala imalefuka isanamalize. Cider wawo wotsekemera sapitirira 3 peresenti, koma shuga wake ndi wambiri. Apanso n'chimodzimodzi: alcohol akachepa shuga amachuluka, ndipo makalori onse pamodzi amakhala pafupi ndi a juwisi woyambayo.

Wopanga pakhomo akafuna kutsekemera ndi pamene ngozi yeniyeni imayambira, ndipo pano ndikupempha kuti mumvetsere. Kuti chakumwa chikhale ndi mpweya, amathira shuga pang'ono potsekera m'botolo, magalamu 5 mpaka 8 pa lita. Yisiti yotsalamo imadya shugayo, mpweya n'kusowa kothawira, n'kusungunukira mu chakumwacho. Shuga ameneyu amatha, ndipo makalori ake ndi ochepa. Koma mukathira magalamu 40 kapena 50 kuti chizune, yisiti siidziwa kuti uyu ndi wa kukoma. Imadya yense, ndipo botolo la galasi limaphulika, zidutswa n'kumwazika mpaka kudenga. Zikhoza kuchotsa diso la mwana amene anangotsegula kabati. Kuika mu firiji kumangogoneka yisiti, sikuipha, ndipo magetsi akazima tsiku lathunthu imadzuka. Njira zimene zilipo ndi izi: kuthira shuga kapena juwisi mu kapu pa nthawi yomwa, yomwe ndi yosavuta ndi yotetezeka kuposa zonse, kugwiritsa ntchito zozunitsa zimene yisiti siidya monga stevia, sucralose kapena erythritol, kapena kuletsa yisiti kuswana ndi potassium sorbate pamodzi ndi metabisulphite chakumwacho chitayera kale, podziwa kuti chikatero sichidzakhalanso ndi mpweya. Ngati mukutsekera ndi shuga wa mpweya, dzazaninso botolo limodzi la pulasitiki muzilifinya tsiku lililonse. Likalimba gwa, enawonso afika.

Wayini wa zipatso amene ambiri akupanga masiku ano, wa chidede, bwemba, malambe kapena nthochi, amadalira shuga wa m'paketi pafupifupi kotheratu. Yisiti zambiri zimalefuka alcohol akafika pakati pa 10 ndi 14 peresenti. Mukathira shuga woposa amene ingathe, imafa ntchito ili pakati, ndipo mumatsala ndi chakumwa chaukali komanso chozuna kwambiri. Pa zakumwa zonse zopangira pakhomo zosatcheza, chimenechi ndicho chimanyamula makalori ambiri pa kapu. Kachasu ali kumapeto enawo. Potcheza, shuga sakwera ndi nthunzi, amatsalira mu mphika, choncho kachasu alibe shuga. Koma wa 40 peresenti ali ndi makalori 2,200 pa lita, opanda chilichonse chomanga thupi. Amene amamwa kachasu tsiku ndi tsiku amawonda osati chifukwa mulibe makalori, koma chifukwa alcohol walowa m'malo mwa chakudya, wawononga chilakolako, matumbo ndi chiwindi.

Zikalowa m'thupi

Thupi lilibe posungira alcohol, ndipo limamuona ngati poizoni wofunika kuchotsa msanga. Chiwindi chimasiya zina n'kuyamba ndi iyeyo, ndipo chimatha magalamu 7 mpaka 10 okha pa ola. Botolo la theka la lita la 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 20, ntchito ya maola awiri kapena atatu. M'maola onsewo kuwotcha mafuta kumatsika kwambiri. Ndiye kanyenya, tchipisi cha pachiwaya ndi mang'ina zimene zimatsagana ndi mowa zimafika pa nthawi imene thupi silikuwotcha mafuta, zimangosungidwa. Alcohol amatsegulanso chilakolako, ndipo makalori a zakumwa sakhutitsa ngati a chakudya chotafuna. Munthu amamwa makalori 900 n'kukafika kunyumba akufuna nsima yake yonse.

Wofuna kuchepetsa makalori a mowa wake ali ndi zinthu ziwiri zokha zogwirika: kuchepetsa zolowa mu mgolo pa lita iliyonse, ndi kuchepetsa malita olowa m'mimba. Kuwiritsa masiku ambiri kumachepetsa shuga koma osati makalori. Pali enzyme yogulitsidwa yotchedwa amyloglucosidase imene imadula ma dextrin onse kuti yisiti iwadye. Mafakitale amaigwiritsa ntchito popanga mowa umene amautsatsa kuti ndi wopepuka. Koma iyo yokha imangosamutsa makalori kuchoka ku dextrin kupita ku alcohol. Amatsika chifukwa fakitale imayamba ndi chimera chochepa kapena kuthira madzi pambuyo pake. Mowa wa 3.5 peresenti wofululidwa bwino umakoma, ndipo kwa ine luso la wofulula limaonekera pamenepo kuposa pa kukankhira ukali m'mwamba ndi mapaketi a shuga.

Kwa odwala shuga nkhaniyi ndi yolemera kuposa kunenepa. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi 5.6 peresenti ya akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi shuga wokwera m'magazi. Mowa wa chimera, masese ndi cider wotsekemera amakweza shuga wa m'magazi m'maola oyamba. Kenaka pamabwera zosiyana nazo. Usiku munthu akagona, chiwindi ndicho chimatulutsa glucose pang'onopang'ono kuti magazi asaperewere, koma chikatanganidwa ndi alcohol ntchito imeneyo imaima. Kwa amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, shuga akhoza kutsika koopsa pakati pa usiku kapena m'mawa mwake. Cider wouma ndi kachasu, zimene wina angazione ngati zabwino chifukwa zilibe shuga, ndizo zimachita zimenezi kwambiri munthu akamwa osadya. Kumwa kwambiri uku uli pa mankhwala a shuga a metformin nakonso kuli ndi ngozi yake ya asidi wochuluka m'magazi. Ndi nkhani yoti mukambirane ndi adokotala kapena anamwino a kukiliniki ya shuga mosabisa, kuwauza chimene mumamwa ndi muyeso wake weniweni. Ndipo kamakina koyezera shuga wa m'magazi musakayezere mowa. Kanapangidwira magazi, ndipo sikaona fructose kapena dextrin.

Zizindikiro za shuga wotsika zimafanana kwambiri ndi kuledzera: kudzandira, kuyankhula zosamveka, thukuta lozizira, kunjenjemera, kukwiya popanda chifukwa, tulo tosadzutsika. Anthu a pakhomo amamva fungo la mowa n'kunena kuti musiyeni agone, mawa adzuka. Ngati bambo, mayi kapena mnzanu amene ali pa mankhwala a shuga wamwa ndipo akuoneka choncho, musamusiye. Akakhala kuti akutha kumeza, m'patseni madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena theka la botolo la chakumwa chozuna, kenaka chakudya akatsitsimuka, ndipo muzimuyang'anira usiku wonse chifukwa shugayo akhoza kutsikanso. Akakhala kuti sakudzuka kapena sakutha kumeza, musamuthire kanthu m'kamwa. M'gonekeni chammbali, mupeze galimoto kapena njinga yamoto, mupite naye kuchipatala usiku womwewo, ndipo mukawauze achipatala mankhwala amene amamwa.